Mtedza wokanidwa kunja ukuthera m'phala la mwana wa ku Mtsiliza

Mtedza wa dziko lino ukachoka m'munda umayenda njira ziwiri. Wonenepa ndi wosalala khungu umasankhidwa, kuyezedwa, kusokedwa m'matumba atsopano n'kukwera thiraki yopita kunja. Wotsalawo, wofota, wosweka, wodooledwa ndi tizilombo, wakuda m'kati, sutayidwa ayi. Palibe amene amataya mtedza m'Malawi muno. Umagulitsidwa motchipa, umalowa mumtondo kapena m'chigayo, n'kutuluka uli nsinjiro zomangidwa m'timapepala ta pulasitiki, ndipo pofika madzulo uli mu mkhwani wotendera ndi m'phala la mwana ku Mtsiliza, ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Area 23. Ukangosinjidwa basi, palibe diso limene lingasiyanitse nsinjiro za mtedza wabwino ndi za mtedza wa chuku.

Izi si mphekesera za pa benchi. Mu 2015 Limbikani Matumba, katswiri wathu wa za poizoni wa chuku amene amaphunzitsa ku LUANAR, pamodzi ndi anzake anasindikiza kafukufuku amene mfundo yake inali yomweyi: kusankha mtedza wotumiza kunja kumaunjika poizoni mu mtedza wotsala kuti udyedwe konkuno. Wogula wa kunja akamalimbitsa malamulo ake, ife timasankha mosamala kwambiri, ndipo tikamasankha mosamala kwambiri, mulu wa zokanidwa umakula ndi kuipiraipira. Mulu umenewo uli ndi eni ake. Ndi amayi amene agwira ganyu yochapa zovala ku Area 47 tsiku lonse, ndipo pobwerera ku Mtsiliza ali ndi ndalama yokwana kapepala kamodzi ka nsinjiro, chifukwa mafuta ophikira anasiya kalekale kukhala a aliyense.

Poizoni ameneyu, amene akatswiri amamutchula kuti aflatoxin, amapangidwa ndi chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimene chimakonda mtedza ndi chimanga, makamaka mbewu ikavutika ndi ng'amba kumapeto kwa nyengo kapena ikasungidwa isanaume bwino. Dziko lapansi linamudziwa mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kuphika sikumupha, kukazinga sikumuchotsa. Akalowa wambiri nthawi imodzi amawononga chiwindi mpaka kupha, monga zinachitikira kum'mawa kwa Kenya mu 2004, pamene anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka, amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ngoziyo imachuluka kwambiri mwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B. Kafukufuku wa ku Benin ndi Togo anapeza kuti ana okhala ndi poizoniyu wambiri m'magazi ndi amenenso anali opinimbira kwambiri. Kwathu kuno kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Zifukwa zake n'zambiri, koma ndani angalimbe mtima kunena kuti phala la chuku mulibemo?

Anzathu a ku Zambia anachenjezedwa ndi agalu. Mu Ogasiti 2024 nduna yawo ya zaumoyo, Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga choipitsidwa, ndipo mwa zitsanzo 25 zimene anatenga m'makampani ogaya, pafupifupi theka linali ndi poizoni wopyola muyezo. Chimanga chimenecho ndi chomwe anthu amadya. Mvula yomwe inadula ku Chipata chaka chimenecho inadulanso ku Mchinji.

Funso langa nali. Popeza vutoli timalidziwa, ndipo mu 2013 boma linakhazikitsa ndondomeko yolimbana nalo yotchedwa MAPAC, n'chifukwa chiyani pafupifupi kuyeza konse kumene timachita kumateteza m'mimba mwa mlendo? Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa ndi anthu kupyola magawo 4 pa biliyoni, kutanthauza magalamu 4 okha a poizoni mu matani 1,000 a mtedza. Wofuna msika umenewo amatumiza zitsanzo ku labotale, kulipira, n'kudikira chikalata. Amayi a ku Mtsiliza alibe chikalata. Ali ndi maso, mphuno ndi lichero, ndipo pa nsinjiro zosinjasinja zonsezi sizigwira ntchito.

Akuluakulu akafunsidwa amayankha kuti kuyeza n'kodula, ndipo pa njira zimene timagwiritsa ntchito lero akunena zoona. Kuyeza kwa ku labotale kumafuna kuti mtedza ugayidwe, usungunulidwe m'mankhwala, upite m'makina a ndalama zankhaninkhani amene amafuna magetsi osazima ndi katswiri wowayendetsa. Ngakhale timapepala toyezera mwachangu timagwira ntchito kamodzi kokha n'kutayidwa, ndipo kalikonse kamagulidwa ndi madola amene dziko lilibe. Koma pali vuto lina loposa mtengo limene anthu ambiri salidziwa. Poizoni wa chuku safalikira mofanana m'thumba. Amabisala mu njere zochepa kwambiri, mwina imodzi pa mazana kapena masauzande, ndipo njere imodziyo imatha kukhala ndi poizoni wokwanira kuipitsa thumba lonse likagayidwa. Ukatapa dzanja limodzi n'kukayeza, ukhoza kuphonya njere yoipayo n'kulemba kuti thumba lili bwino. Njira yokhayo yotsimikizika ndi kuyang'ana njere iliyonse payokha, osaiphwanya, ndiponso mwachangu kwambiri moti mwini mtedza asatope kudikira.

Apa ndi pamene kuwala kumalowera.

Mu 1800 William Herschel anapatula kuwala kwa dzuwa ndi galasi la ngodya zitatu kuti kutuluke mitundu ya utawaleza, n'kumayeza kutentha kwa mtundu uliwonse. Atasuntha choyezera chake kupitirira pofiira, pamalo pamene diso silinkaona kanthu, kutentha kunakwerabe. Anali atapeza kuwala kosaoneka kumene lero kumatchedwa infrared. Chigawo chake choyandikana ndi kufiira, chotchedwa near-infrared kapena NIR, chili ndi khalidwe lothandiza kwambiri: chikawalira pa chinthu, madzi a m'chinthucho amameza mitundu ina ya kuwalako, mafuta amameza ina, mapuloteni ina, sitachi ina. Kuwala kobwerera kumakhala kopereweza m'malo ena, ndipo mpangidwe wa kuperewerako umaulula zimene zili m'kati. Aliyense amene anagonekedwapo m'chipatala nthawi ya Covid-19 anakumana ndi m'bale wake wa luso limeneli, kachipangizo kopanira chala kaja, kamene kamawalitsa kufiira ndi infrared kudutsa m'chala n'kuwerenga mpweya wa m'magazi popanda kubaya jakisoni.

Amene anabweretsa luso limeneli ku ulimi ndi Karl Norris, injiniya wa unduna wa zamalimidwe wa ku America ku Beltsville, m'zaka za m'ma 1960. Iye anayamba ndi kuyeza chinyezi m'mbewu. Pofika m'ma 1970 dziko la Canada linali litayamba kuyeza mapuloteni a tirigu wake ndi kuwala kumeneku m'malo mwa mankhwala. Ndiye kuti sindikukamba za maloto a mawa. Alimi a kwina akhala akulipidwa potengera muyezo wa kuwala kwa zaka pafupifupi 50, pamene mlimi wa ku Mchinji kapena Kasungu amaonabe venda akuluma njere ndi mano, n'kugwedeza mutu kuti "uli ndi madzi uwu, bambo," n'kudula mtengo.

Chimene chinatsekereza luso limeneli kwa osauka ndi diso la makinawo. Diso la kamera ya m'foni yanu limapangidwa ndi silicon, n'chifukwa chake ndi lotchipa, koma silicon saona kutali m'chigawo cha NIR. Mitundu ya kuwala imene imaulula bwino madzi ndi mafuta imafuna diso lopangidwa ndi zitsulo zosowa, indium ndi gallium zosakanizidwa ndi arsenic. Kadiso kamodzi kotere sikadula kwambiri. Koma makina akale othamanga ankafuna timaso mazana ondanda pamzere, kalikonse koyang'ana mtundu wake wa kuwala, ndipo mtengo unkakwera mpaka kufika poti ndi mafakitale okha angakwanitse. Ofuna kutchipitsa ankagwiritsa ntchito kadiso kamodzi n'kumakaonetsa mitunduyo umodziumodzi, koma pamenepo liwiro linkatha. Unkasankha pakati pa makina othamanga odula ndi makina otchipa ochedwa.

Mfundo imeneyi inamasulidwa ndi masamu. Pakati pa 2004 ndi 2006 Emmanuel Candès, Justin Romberg ndi Terence Tao mbali ina, ndi David Donoho mbali ina, anatsimikiza kuti ngati chinthu chimene ukufuna kudziwa chili ndi mfundo zenizeni zochepa, sukufunika kuyeza kachigawo kalikonse pakokha. Ukhoza kuyeza zosakaniza zochepa n'kusiya kompyuta kuti imasule. Njirayi anaitcha compressive sensing. Taganizani za nyumba yosungiramo katundu muli matumba 100 a chimanga, ndipo mukudziwa kuti awiri kapena atatu okha ndi operewera kulemera. Mukhoza kukweza thumba lililonse pasikelo, maulendo 100. Koma mukhozanso kukweza matumba ambiri nthawi imodzi pa sikelo yaikulu, ulendo uliwonse gulu losakanizika mosiyana, n'kumalemba kuti gulu ili laperewera mwakuti, ilo lakwana. Pakatha maulendo mwina 20, munthu wodziwa masamu akhoza kukuuzani matumba operewerawo ndi kuchuluka kwa kuperewera kwake, chifukwa ndi yankho limodzi lokha losavuta limene lingagwirizane ndi manambala onse mwalembawo. Chinsinsi chili pakuti olakwikawo ndi ochepa.

Kuwala kwa NIR kobwerera kuchokera pa njere ya mtedza kuli choncho. Ngakhale ukugawe m'mitundu mazana awiri, nkhani yake yeniyeni ili m'mapindikidwe ochepa osalala. Ndiye m'malo moyeza mitundu yonse umodziumodzi, makina amasakaniza mitundu yambiri nthawi imodzi, kuitumiza pa kadiso kamodzi kaja, kusintha kasakanizidwe, kuyezanso, maulendo makumi ochepa okha. Chosakanizira chake chilipo kale ndipo ambiri tachionapo chikugwira ntchito osadziwa: m'mapulojekita ambiri a m'matchalitchi ndi m'makalasi muli kachipangizo kokhala ndi timagalasi ting'onoting'ono masauzande mazanamazana, kalikonse kotha kupendekera uku ndi uku maulendo masauzande pa sekondi imodzi. Anakapanga Larry Hornbeck ku kampani ya Texas Instruments mu 1987. Mu 2006 Richard Baraniuk ndi Kevin Kelly a ku Rice University ku Houston anakagwiritsa ntchito popanga kamera yojambula chithunzi chathunthu ndi kadiso kamodzi kokha. Texas Instruments yomweyo pambuyo pake inatulutsa choyezera cha NIR cholowa m'dzanja, cha timagalasi ndi kadiso kamodzi. Masamu omwewa afupikitsa nthawi imene wodwala amagona m'makina a MRI m'zipatala zambiri.

Kuyeza kochepa kumatanthauza liwiro, batire lokhalitsa ndi mtengo wotsika. Liwiro ndi limene likufunika kuti njere iliyonse ione kuwala ikamatsika mumpita, yokayikitsa n'kukankhidwira pambali ndi kampweya. Makampani akuluakulu okonza mtedza ali ndi makina osankha ndi kuwala kale. Ine ndikufuna aang'ono ake aime pakhomo pa chigayo cha ku Mtsiliza ndi pamsika wa Mgona pafupi ndi Kanengo, pamene matumba a mtedza wochokera m'maboma a chigawo chapakati amasinthana manja tsiku ndi tsiku.

Ndikudziwa yankho limene likubwera, chifukwa limabwera nthawi zonse: dziko limene zipatala zake zikusowa panado lisamalote zidole za azungu. Yankho limeneli limamveka lanzeru, koma mbiri yathu yomwe ikulitsutsa. Rice University yomwe ija inagwirizana ndi madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kupanga makina othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, pogwiritsa ntchito timapampu ta m'mathanki owetera nsomba. Anawatcha Pumani. Kafukufuku amene Kondwani Kawaza ndi anzake anasindikiza mu 2014 anaonetsa kuti mwa makanda ovutika kupuma, opulumuka anachoka pa 44 mwa 100 kufika pa 71 mwa 100. Makinawo anafalikira m'zipatala za boma, ndipo ku Polytechnic, imene lero ndi MUBAS, kunatsegulidwa chipinda chimene ophunzira athu amapangiramo ndi kukonzeramo zipangizo zotere. Pakanakhala kuti mu 2010 tinamvera onena kuti izi si zathu, makanda angati sakanaona tsiku lawo lachiwiri? Umphawi ndi chifukwa chofunira njira yotchipa, ndipo compressive sensing ndi luso lochepetsa zofunika. Ngati pali dziko limene likufunika kuchita zambiri ndi zochepa, ndi lino.

Ku Kenya anayesapo kale zofanana ndi zimene ndikunena. Ofufuza a ku Cornell University, Rebecca Nelson ndi Matthew Stasiewicz pamodzi ndi anzawo a ku Kenya, anasonkhanitsa chimanga cha m'misika ya kumeneko n'kuchidutsitsa m'kamakina kotchipa kosankha njere imodziimodzi ndi timababu ta mitundu yosiyanasiyana ya kuwala. Zotsatira zimene anasindikiza mu 2017 zinaonetsa kuti poizoni anatsika kwambiri m'chimanga chovomerezedwa. Maso awo anali pa zigayo za m'midzi ndi m'matauni, chifukwa chigayo ndi khomo limene chakudya cha osauka onse chimadutsapo.

Tsopano ndinene zimene wogulitsa makina sadzakuuzani, chifukwa tsiku lina adzabwera ndi sutikesi yake ku Capital Hill. Kuwala kwa NIR sikuona poizoni mwiniwakeyo. Magawo ochepa pa biliyoni ndi ochepetsetsa kuti kuwala kotere kuwazindikire mwachindunji. Chimene kumaona ndi mapazi a chuku: mafuta a m'njere amene ayamba kuwonongeka, sitachi imene yadyedwa, chinyezi chochuluka, m'kati mosintha ngakhale khungu likuoneka bwino. Choncho makina amenewa ndi osankha, ndipo woweruza womaliza akhalebe labotale. Nthawi zina adzakana njere yabwino, nthawi zina adzalola yoipa. Compressive sensing nayo ili ndi malire ake. Popeza imamanga chithunzi chonse kuchokera ku miyezo yochepa, ukaumira kwambiri miyezoyo imayamba kufafaniza tizizindikiro tating'ono, ndipo tizizindikiro tating'ono ndi timene tikusaka. Kafukufuku wa ku Laos wa zipangizo za m'manja zoyezera mankhwala anapeza zofanana: zoyezera za NIR zinkagwira mosavuta mapiritsi opanda mankhwala konse, koma zinkavutika kuzindikira mapiritsi okhala ndi mankhwala operewera. Aliyense wolonjeza kuti kabokosi kake kadzathetsa chuku m'Malawi ndi wabodza, ndipo tisamupatse tambala.

Komanso makinawa sabadwa akudziwa mtedza. Amaphunzitsidwa. Umawaonetsa njere masauzande, iliyonse n'kuitumizanso ku labotale kuti idziwike zoona zake, kenako kompyuta imaphunzira kuti kuwala kwa mpangidwe wakuti kumayenda ndi vuto lakuti. Makina ophunzitsidwa ndi mtedza wa ku Georgia kapena ku Gujarat adzasokonezeka akakumana ndi Chalimbana, CG7 wa khungu lofiira, Kakoma kapena Baka, wolimidwa m'dothi lathu, woumitsidwa padzuwa lathu ndi wodzaza fumbi la mu Okutobala. Chuma chenicheni pa nkhaniyi ndi nkhokwe ya zitsanzo zimenezi, ndipo palibe kampani ya kunja imene ingatigulitse, chifukwa ilibe. Tili ndi zonse zofunika kuti tiimange tokha. Pa Chitedze, makilomita osakwana 20 kuchokera mumzinda pa msewu wa ku Mchinji, pali ofufuza a boma ndi a ICRISAT amene akhala akuyeza poizoni wa chuku mu mtedza kwa zaka zambiri. Ku Bunda ndi ku NRC kuli akatswiri a zakudya. Ku MUBAS ndi ku MUST kuli mainjiniya achinyamata amene amamaliza maphunziro n'kukakhala pakhomo. Ku University of Malawi ku Zomba kuli a masamu ndi a fizikisi. Chosowa ndi munthu wa udindo woti awaike pa tebulo limodzi ndi kuwapatsa ntchito imodzi yokhala ndi tsiku lomalizira.

Ndikuumirira kuti timange tokha pa chifukwa chinanso. Mu 2022 ndalama za boma pafupifupi K750 miliyoni zinalipidwa ku kampani ya ku UK yogulitsa nyama kuti ibweretse feteleza wotsika mtengo wa AIP, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zamalimidwe, Lobin Lowe. Dziko limene lingagule feteleza ku butchala likhozanso kugula mabokosi 500 owala bwino amene palibe angawakonze akafa. Tiyambe ndi ochepa, omangidwa kapena kulumikizidwa konkuno, oyendera batire ndi sola chifukwa magetsi a ESCOM sitingawadalire, ndipo zotsatira zake zifanizidwe poyera ndi za labotale ya Malawi Bureau of Standards asanagulidwe ena.

Poyambira pabwino si poizoni n'komwe, koma madzi. Chinyezi ndi chimene kuwala kwa NIR kumayeza bwino koposa china chilichonse, ndipo chinyezi ndi mayi wa chuku. Chimanga chimasungika bwino chikauma kufika pa magawo 13 pa 100, mtedza woswa umafuna kuuma kuposa apo, cha m'ma 7 kapena 8. Tonse timadziwa zimene zimachitika nthawi yoswa mtedza: ena amauwaza madzi kuti makoko afewe ndi kuti zala zisapweteke, ena amauwaza kuti ulemere pasikelo. Mtedza wonyowawo umasokedwa m'thumba, kuunjikidwa m'kontena yotentha, ndipo pakatha masiku ochepa chuku chayamba ntchito m'kati mwa mulu. Alangizi alalikira za izi pa wayilesi kwa zaka, alimbikitsa kuumitsa mtedza pa milu ya Mandela cock, koma ulaliki sungapose sikelo. Malinga ngati madzi akulipidwa pa mtengo wa mtedza, madzi adzathiridwa. Tsiku limene pa Mgona padzakhale choyezera cha onse, chimene wogula ndi wogulitsa adzaonere limodzi nambala m'masekondi ochepa, wothira madzi adzayamba kuluza ndipo mlimi woumitsa bwino adzakhala ndi chonenera venda akafuna kumudula mtengo. ADMARC yakhala ikuchedwa kutsegula misika yake ponena kuti chimanga sichinaume, n'kusiya alimi m'manja mwa mavenda. Ndi choyezera chachangu pa depoti iliyonse, thumba louma likhoza kugulidwa lero, lonyowa n'kubwezedwa kuti likaume, m'malo mogamula dziko lonse ndi tsiku limodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchiopa kuposa kusowa kwa makina, ndicho makina okhala m'manja mwa anthu olusa. Timaudziwa mchitidwe wa mzinda uno: vuto likapezeka, galimoto ya khonsolo imabwera, kulanda malonda a amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, n'kupita. Mayi wogulitsa nsinjiro ku Mtsiliza si amene anapanga chuku. Anagula zimene ndalama yake inakwanitsa, ndipo ana ake akudya nsinjiro zomwezo. Choyezera chikasanduka chida cholandira katundu kapena chopemphera ziphuphu, amayi adzathawa nacho, mtedza woipa udzasinjidwa usiku kuseri kwa nyumba, ndipo tidzakhala pamalo oipa kuposa pano. Kusankha kuchitike mtedza usanasinjidwe, mwini wake ali pomwepo akuona, ndipo kukhale kwaulere kapena kwa mtengo wosaposa wa kugaya.

Ndipo njere zokanidwazo zipite kuti? Ili ndiye funso limene ndondomeko zathu zakhala zikulizemba, ndipo popanda yankho lake makina osankha adzangosamutsa poizoni kuchoka ku Mtsiliza kupita kwa wina wosauka kuposa. Munthu amene wataya mbale imodzi pa ndowa yake sangaitaye kudzala, adzaigulitsa kwa mnzake. Njira ndi yakuti zokanidwazo zigulidwe pomwepo, ndi ndalama, ngakhale yochepa. Mtedza wa chuku ukhoza kufinyidwa mafuta, ndipo mafutawo akayengedwa mokwanira kufakitale poizoni amachoka pafupifupi yense. Chotsalira chake ndiye choopsa, chisapite kwa ng'ombe za mkaka chifukwa poizoniyu amatulukira mu mkaka, ndipo chiyenera kulondolozedwa mpaka pamene chawonongedwa kapena kugwiritsidwa ntchito yosakhudza chakudya. Ndalama yogulira zokanidwa ichokere kwa amene amapindula ndi kusankha. Makampani otumiza mtedza kunja amapeza mtengo wabwino chifukwa chochotsa njere zoipa, kenako amagulitsanso njere zoipazo kwa ife n'kupezanso ndalama kachiwiri. Lamulo liwaletse kugulitsa zokanidwa zawo ngati chakudya cha anthu, ndipo kagawo kochepa ka phindu la thumba lililonse lotuluka pa Mchinji, pa Songwe kapena pa Dedza kalowe m'thumba logulira zokanidwa za m'misika ya m'makwalala.

Wina anena kuti ndikulemetsa amalonda amene akubweretsa madola. Ndikufuna madolawo abwere, ndipo achuluke. Koma mtedza wathu unataya misika yabwino ya ku Ulaya chifukwa cha chuku chomwechi, ndipo sudzaibweza posankha kumapeto kokha. Udzaibweza pamene mtedza wonse wa m'dziko, kuyambira pa mlimi, udzakhale wouma ndi woyera, moti wosankha adzapeze zochotsa zochepa. Choyezera cha pa Mgona chimathandiza wotumiza kunja mofanana ndi mmene chimathandizira mayi wophika futali. Opanga chiponde cha ana onyentchera m'dziko muno amayeza mtedza wawo mosamalitsa, chifukwa mwana wodwala sangapatsidwe poizoni. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Mtsiliza amayamba kudya mtedza woyezedwa pokhapokha atanyentchera mpaka kulembedwa m'kaundula wa kuchipatala.

A khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, a unduna wa zamalonda, a unduna wa zamalimidwe ndi a National Commission for Science and Technology, mtedza umakumbidwa kuyambira mu Epulo ndipo pofika Juni umakhala utadzaza m'misika. Nyengo imodzi ndi yokwanira kuyamba. Tumizani ophunzira a LUANAR ndi MUBAS ku Mgona ndi ku zigayo za ku Mtsiliza ndi Mtandire kuti akagule zitsanzo pa mtengo wa pamsika, sabata ndi sabata, kuyambira pokolola mpaka mvula itayamba, pamene mtedza wosungidwa umaipa kwambiri. Chitsanzo chilichonse chione kuwala, kenako chipite ku Chitedze kukayezedwa ndi mankhwala, ndipo manambala awiriwo alembedwe moyandikana m'nkhokwe imene mwini wake ndi dziko, yotseguka kwa Mmalawi aliyense wofuna kumanga makina ake. Zimene zapezeka zisakathere m'lipoti la Chingerezi la ku msonkhano wa ku nyanja. Zilembedwe m'Chichewa, popanda kutchula dzina la wogulitsa aliyense, zimatidwe pakhomo pa chigayo pamene zitsanzozo zinatengedwa, ndipo mafumu a m'deralo ndi amayi a m'magulu a banki m'khonde aitanidwe kuti amve kuchokera kwa oyezawo kuti mu nsinjiro za mwezi wathawu munapezeka zotani.